Anthu Otchuka: Reynold B. Johnson, Mphunzitsi Amene Adamangira Kompyuta Nkhokwe

M'danga lino la anthu otchuka lero mwaloŵa munthu amene sadalamulirepo dziko, ndiponso sadatsogolerepo gulu la nkhondo. Iye adali mphunzitsi wa sukulu ya sekondale m'tauni ina yaing'ono ya migodi ku America, koma ntchito ya manja ake idafika m'mabanki, m'maofesi a boma, m'zipatala ndi m'nyumba za anthu pa dziko lonse. Munthuyu ndi Bambo Reynold B. Johnson, amene adatsogolera gulu la mainjiniya lomwe lidapanga disiki yoyamba yosungira zinthu mu kompyuta m'chaka cha 1956. Mbiri yao ndi mbiri ya funso limodzi looneka lopepuka, koma limene lidazunguza mitu akatswiri kwa zaka zambiri: kodi makina angapeze bwanji kanthu kamodzi pakati pa zinthu mamiliyoni, mosayamba kufufuza kuchokera poyambirira?

Ubwana ndi uphunzitsi

Bambo Johnson adabadwa pa 16 Julayi 1906 kufupi ndi tauni ya Dassel m'chigawo cha Minnesota. Makolo ao adali anthu ochokera ku Sweden, amene adaoloka nyanja kukafuna moyo watsopano monga adachitira anzao ambiri a m'dzikolo masiku amenewo. Mnyamatayo adakulira kumudzi, kumene munthu amaphunzira msanga kukonza yekha chipangizo chikaonongeka, popeza mmisiri amakhala kutali. Adaphunzira pa sukulu ya Minnehaha Academy mumzinda wa Minneapolis, ndipo m'chaka cha 1929 adatsiriza maphunziro ao pa University of Minnesota. Digiri yao siidali ya uinjiniya ai. Idali ya zamaphunziro.

Chaka chomwecho cha 1929 chuma cha America chidagwa chagada. Mabanki adatseka zitseko, mafakitale adachotsa antchito, ndipo umphaŵi udaloŵa m'nyumba zimene kale zidali zokhuta. M'nyengo yovuta yotereyi Bambo Johnson adapeza malo a uphunzitsi wa sayansi m'tauni ya Ironwood m'chigawo cha Michigan, dera lozizira kwambiri la migodi ya chitsulo.

Mphunzitsi aliyense amadziŵa kuti ntchito yake siithera pa belu lomaliza. Ana akapita kwao, iye amatsala ndi mulu wa mapepala oti achonge, ndipo mulu umenewu umadya nthaŵi imene akadakonzera phunziro la maŵa. Aphunzitsi ambiri amangodandaula napitiriza kuchonga. Bambo Johnson adayamba kuganiza za makina oti agwire ntchitoyo.

Makina ochonga mayeso

Nzeru yao idagona pa chinthu chimene mwana aliyense wa sukulu amakhala nacho m'thumba. Mtima wakuda wa pensulo umalola magetsi kudutsamo, pamene pepala loyera silitero. Tsono ngati wophunzira adetsa ndi pensulo malo a yankho limene wasankha, ndipo timawaya tiŵiri tikhudza malowo, magetsi adzadutsa. Kukonza makinawo kuti aŵerenge magetsi odutsa pa mayankho olondola okha, ndiye kuti mayeso achongedwa.

Koma padali chopinga. Wophunzira wina amadinda pensulo mwamphamvu, wina amangokhudza pang'ono. Choncho magetsi odutsa pa zizindikiro ziŵirizi sakhala ofanana, ndipo makina angathe kupatsa malikisi ambiri mwana wa dzanja lolemera, namana mnzake wa dzanja lopepuka. Bambo Johnson adagonjetsa vutoli poika pa njira iliyonse ya magetsi kachipangizo kotchedwa resistor, kamene kamakaniza magetsi kwambiri. Chifukwa kukaniza kwa kachipangizoka kudali kwakukulu zedi poyerekeza ndi kwa chizindikiro cha pensulo, kusiyana kwa madindidwe a ana kudakhala kopanda kanthu. Yankho lililonse lolondola lidayamba kulemera chimodzimodzi.

Nthaŵi yomweyo kampani ya IBM, motsogozedwa ndi Bambo Thomas J. Watson, idali kufunafuna makina otere mogwirizana ndi Dr Ben D. Wood wa ku Columbia University, katswiri wa za mayeso. M'chaka cha 1934 kampaniyo idagula luso la mphunzitsi wa ku Ironwood, niwalemba ntchito ya uinjiniya ku Endicott m'chigawo cha New York. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 makinawo adatuluka ndi dzina loti IBM 805. Munthu ankaloŵetsa pepala limodzilimodzi ndi dzanja, naŵerenga malikisi pa muvi wa mita. Masukulu adawagwiritsa ntchito, ndipo pa Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse adachonga mayeso a anyamata ochuluka oloŵa usilikali. Luso lomwelo lidafikanso pa makadi: ogwira ntchito ya lamya ankalemba ndi pensulo za mafoni opita kutali, oŵerenga mamita a magetsi ankachita chimodzimodzi, ndipo makina ankasandutsa zizindikirozo kukhala mabowo pa kadi.

Ulendo wa ku San Jose

Atagwira ntchito ku Endicott pafupifupi zaka 18, m'chaka cha 1952 adatumidwa kukatsegula labotale yatsopano ku San Jose m'chigawo cha California. Chifukwa chake chidali chakuti mainjiniya achinyamata a kumadzulo kwa dzikolo sankafuna kusamukira kum'maŵa kumene kudali likulu la kampani. Tsono kampaniyo idaganiza zowatsatira kwao komweko. San Jose ya masiku amenewo idali tauni yozunguliridwa ndi minda ya zipatso. Dzina loti Silicon Valley lidali lisadabadwe. Bambo Johnson adachita lendi nyumba yaing'ono pa nambala 99 mu mseu wa Notre Dame Avenue, nayamba kulemba anthu ntchito.

Apa mpamene uphunzitsi wao udaonekeranso. Adakhazikitsa mwambo wakuti injiniya aliyense adziŵe zimene anzake onse akuchita, ndiponso kuti mnzake akapempha thandizo, aike ntchito yake pambali nayamba wathandiza mnzakeyo. Paja mutu umodzi susenza denga. Mwambo umenewu udapindula kwambiri, pakuti chinthu chimene adadzapanga chidafuna nzeru za magetsi, za maginito, za zitsulo, za mpweya ndi za utoto, zonse pa nthaŵi imodzi.

Vuto la kupeza chimodzi pakati pa zambiri

Kuti oŵerenga amvetse kukula kwa ntchito ya ku San Jose, ndi bwino kuona momwe maofesi ankasungira kaundula wao nthaŵi imeneyo. Njira yotchuka idali ya makadi oboola. Kadi lililonse linkasunga zilembo 80, ndipo makampani aakulu adali ndi mabokosi osaŵerengeka a makadiŵa. Munthu akagula katundu, kalaliki ankayenda pakati pa mabokosi, nasolola kadi la wogulayo ndi makadi a katunduyo, nawapereka ku makina. Kaŵirikaŵiri ntchito inkaunjikidwa mpaka kutha kwa sabata kapena kwa mwezi, kotero kuti pofika tsiku loŵerengera, mabuku ankanena za katundu amene adatha kale m'nyumba yosungiramo.

Njira yachiŵiri idali tepi ya maginito, imene IBM idayamba kugulitsa m'chaka chomwecho cha 1952. Tepi inkasunga zambiri, koma idali ngati mkanda wa pa ulusi: kuti ufike pa mkanda wapakati, uyenera kudutsa yonse yakutsogolo. Njira yachitatu idali dramu la maginito, chitsulo chobulungira chozungulira mwaliŵiro, chokhala ndi kamutu koŵerengera pa mzere uliwonse. Dramu lidali lachangu, koma linkasunga zochepa, ndipo kuchuluka kwa timitu kunkakweza mtengo.

Tsono chofunika chidali nkhokwe yaikulu ngati tepi, koma yolola munthu kupisa dzanja paliponse ngati dramu. Gulu la asilikali a m'ndege la America, limene lidali ndi zipangizo zankhaninkhani zofunika kuzilondola, lidali pakati pa ofunsa makina otere. Mainjiniya a Bambo Johnson adayesa m'maganizo ndi m'manja maonekedwe osiyanasiyana: mawaya, ndodo, timapepala ta tepi, madramu ndi mbale zafulati. Adaŵerenganso za ntchito ya Bambo Jacob Rabinow wa ku National Bureau of Standards, amene adali atayesa kusunga zinthu pa mbale zambiri za maginito. M'chaka cha 1953 Bambo Johnson adagamula kuti labotale iike mtima pa mbale zozungulira, zosanjikizana pa mtengo umodzi wachitsulo, popeza mbale zotere zimapereka malo aakulu olembapo m'bokosi laling'ono. Ambiri adakayika. Ena poona mbale zikuzungulira adaseka kuti makinawo akufanana ndi ocheka nyama m'butchala.

Kamutu koyandama pa mpweya

Amene adaonapo galamafoni akudziŵa kuti singano yake imakhudza mbale, niyenda m'kangalande kamene kamaitsogolera kuchokera m'mphepete mpaka pakati. Mbale ya kompyuta ilibe kangalande kotere. Nkhope yake ndi yosalala, yopakidwa utoto wokhala ndi fumbi la dzimbiri la chitsulo, ndipo zolembedwa zimakhala timadontho ta maginito tosaoneka ndi maso, tondandalikidwa m'mizere yozungulira. Cholemba ndi kuŵerenga timadonthoti ndi kachitsulo kokulungidwa ndi waya, kamene akatswiri amakatcha mutu. Kamutuka kayenera kuyandikira mbale kwambiri, chifukwa mphamvu ya timadonthoto imazirala msanga kakatalikira. Komanso sikayenera kukhudza mbale, chifukwa kangapale utoto pamodzi ndi zolembedwa zonse.

Mbale za ku San Jose zidali za aluminiyamu, zotambalala mainchesi 24, ndipo zinkazungulira ka 1,200 pa mphindi, ndiko kuti ka 20 pa sekondi. M'mphepete mwa mbale liŵiro linkaposa makilomita 130 pa ola. Ngakhale mmisiri asalaze chotani, mbale yaikulu chotere imagwedera pozungulira, ndipo kugwederako kudali kwakukulu kuposa mpata umene unkafunika pakati pa mutu ndi mbale. Kumangirira mutu pa malo amodzi kukadachititsa kuti pena ugunde mbale, pena utalikire nkulephera kuŵerenga.

Yankho lidachokera ku mpweya. Bambo William Goddard ndi anzao adaboola timabowo pa nkhope ya mutu, napopera mpweya m'timabowomo kuchokera ku pampu. Mphamvu ina inkakankhira mutu kumbale, pamene mpweya wotuluka unkaukankhira kumbuyo, ndipo pamene mphamvu ziŵirizi zidalingana mpamene mutu unkaima. Mbale ikakwera, mpweya wapakati unkapanikizika nukweza mutu. Mbale ikatsika, mutu unkatsika nayo. Motero mutu unkatsatira kugwedera kwa mbale pa mpata wa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 50 a milimita, mpata wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Pa 10 Febuluwale 1954 gululo lidakwanitsa kwa nthaŵi yoyamba kutenga mau pa makadi, kuwalemba pa mbale, ndi kuwaŵerenganso osasokonekera.

Ngakhale kupaka utoto kudafuna nzeru zake. Utotowo udali wa mtundu wofanana ndi umene amapaka pa zitsulo za milatho, ndipo poyamba unkatuluka ndi timibulu. Mainjiniyawo adayamba kuusefa ndi sokosi yopyapyala ya amai, nauthira pakati pa mbale ikuzungulira, kuti liŵiro lenilenilo liufalitse mofanana mpaka m'mphepete.

Mkono wokwera ndi kutsika

Vuto lachiŵiri lidali la kufikitsa mutuwo pa malo oyenera. Mbale zidali 50, nkhope zolembapo 100, ndipo nkhope iliyonse idali ndi mizere 100. Kuika mutu pa mzere uliwonse monga pa dramu kukadafuna mitu 10,000. Ngakhale kuika mutu umodzi pa nkhope iliyonse kudali kodula, popeza mutu uliwonse unkafuna paipi yakeyake ya mpweya. Choncho adasankha kukhala ndi mkono umodzi wokha wa timitu tiŵiri, kena koyang'ana kumwamba, kena koyang'ana pansi, ndipo mkono umenewu uziyendera mbale zonse. Pa ntchito yokonza mkonowu dzina la Bambo John Lynott limatchulidwa pamodzi ndi la Bambo Goddard, ndipo aŵiriŵa ndiwo adalembedwa pa chiphaso cha umwini wa lusoli.

Mayendedwe a mkonowo adali otere. Pambali pa mulu wa mbale, umene udaimikidwa chilili, padali njanji yoongoka, ndipo pa njanjipo pankayenda kangolo konyamula mkono. Kompyuta ikapempha zolembedwa za pa mbale ina, mkono unkayamba watuluka kunja kwa mbale zonse. Kenaka kangolo kankakwera kapena kutsika mpaka pa mbale yofunikayo. Kakafika kankakhomedwa ndi kamphanda kokankhidwa ndi mpweya. Pamenepo mkono unkaloŵa m'kati mpaka pa mzere wofunika, nukhomedwanso. Mayendedwe onse aŵiri, okwera ndi oloŵa, ankachokera ku chingwe chimodzi chawaya chokokedwa ndi mota. Mota inkazungulira kosalekeza, ndipo makilachi aŵiri ozungulira mosemphana, odzazidwa ndi ufa wa chitsulo umene umagwirana ukapatsidwa maginito, ndiwo ankasankha mbali yokokera chingwe ndi mphamvu yake. Zipangizo zina zamagetsi zinkayeza pamene kangolo kali ndi pamene kayenera kufika, ndipo kusiyana kwa malo aŵiriŵa ndiko kunkauza makilachi kuti akoke kwambiri ulendo ukadali wautali, ndi kuchepetsa liŵiro poyandikira.

Ulendo wonsewu, wotuluka, wokwera, woloŵa ndi wokhoma, unkatha m'nthaŵi yosakwana sekondi imodzi. Mwa chizoloŵezi unkatenga magawo 6 mwa magawo 10 a sekondi. Kwa kalaliki wozoloŵera kuyenda pakati pa mabokosi a makadi, kapena kudikira tepi kuti ipote, chimenechi chidali chozizwitsa. Tiyeneranso kuzindikira kuti mkono wolemera ukathamanga chotere, kulakwitsa pang'ono pokha pa dongosolo la mayendedwe kukadaugunditsa m'mphepete mwa mbale, ndipo kaundula wa kampani yonse akadaonongeka m'kuphethira kwa diso. Kuona maso a nkhono nkudekha: padapita zaka ziŵiri ndi miyezi ingapo kuchokera pa kuyesa kwa 1954 kufikira pamene makinawo adaonetsedwa kwa ogula. Ntchito yosandutsa choyesera cha m'labotale kukhala katundu wogulitsa idatsogozedwa ndi Bambo Louis Stevens.

RAMAC ituluka

M'mwezi wa Seputembala 1956 kampani ya IBM idalengeza kompyuta ya IBM 305 RAMAC pamodzi ndi nkhokwe yake ya mbale yotchedwa IBM 350. Nkhokweyo idali yaikulu ngati mafiriji aŵiri, yolemera pafupifupi tani imodzi, ndipo inkasunga zilembo 5 miliyoni, zofanana ndi za pa makadi 62,500. Lendi ya kompyuta yonse idali madola 3,200 pa mwezi. Imodzi mwa makina oyambirira idapita ku kampani yogulitsa mapepala ya Zellerbach ku San Francisco.

Anthu wamba adaiona RAMAC pa chionetsero cha dziko lonse cha ku Brussels m'chaka cha 1958, kumene inkayankha mafunso a mbiri yakale m'zinenero 10: munthu ankatchula chaka, mkono uja nuthamanga, ndipo yankho linkasindikizidwa iye akadaimirira pomwepo. M'chaka cha 1959 mtsogoleri wa Soviet Union, Bambo Nikita Khrushchev, adayendera fakitale ya IBM ku San Jose kumene makinaŵa ankapangidwa. M'chaka cha 1960 RAMAC idaŵerengera zotsatira za maseŵera a Olympics a m'nyengo yachisanu ku Squaw Valley. Pamene kupanga kwake kunkaleka m'chaka cha 1961, makina oposa 1,000 adali atatuluka m'fakitale.

Phindu lake lenileni lidali pa kayendetsedwe ka ntchito. Kwa nthaŵi yoyamba wamalonda ankatha kulemba chogulitsidwa nthaŵi yomwe chagulitsidwa, ndi kudziŵa lero lomwe zimene zatsala m'nyumba ya katundu. Kusungitsa malo m'ndege pa kompyuta, kufunsa ndalama zotsala ku banki ndi kulandira yankho nthaŵi yomweyo, zonsezi zidamera pa maziko ameneŵa.

Mkono uja m'manja mwa ena

Bambo Johnson adapita ku ntchito zina zofufuza, koma vuto la kuyendetsa mutu lidapitiriza kutangwanitsa mainjiniya, ambiri a iwo ophunzira a mwambo wa ku San Jose. Nthaŵi yambiri ya RAMAC inkathera pa kutuluka ndi kukwera kwa mkono, choncho sitepe yotsatira idali kuthetsa ulendo wokwerawo. IBM 1301, imene idalengezedwa m'chaka cha 1961, idachotsa pampu ya mpweya. Mutu udaumbidwa mokhota pang'ono kuti mphepo yokokedwa ndi mbale yokhayo iunyamule, monga phiko la ndege limanyamulidwa ndi mphepo. Popanda mapaipi, kudakhala kotheka kupatsa nkhope iliyonse mutu wakewake. Mikono yonse idamangidwa pamodzi ngati mano a chipeso, niloŵa ndi kutuluka nthaŵi imodzi, mokankhidwa ndi mafuta opopedwa, monga momwe lole ya tipa imakwezera bodi yake. Mpata wa mutu ndi mbale udatsika kufika posakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a mpata wa RAMAC. M'chaka cha 1962 IBM 1311 idabweretsa mulu wa mbale 6 za mainchesi 14 umene munthu ankatha kuuchotsa ndi kuikapo wina.

Koma mafuta amadontha, ndipo mphanda zokhomera zili ndi malire ake. RAMAC idali ndi mizere 20 pa inchi. Mizere itafika 100 pa inchi, kutentha pang'ono kofufumitsa chitsulo kunkatha kusuntha mutu kuchoka pa mzere wake. Mankhwala a mavuto aŵiriŵa adapezeka motsatizana. Oyamba adabwerekedwa ku sipika ya wailesi, mmene waya wokulungidwa amayenda chakutsogolo ndi chakumbuyo m'kati mwa maginito malinga ndi magetsi amene wapatsidwa. Waya wotere atamangidwa ku mkono, adaloŵa m'malo mwa mafuta. Makina a IBM 2310 a pakati pa zaka za m'ma 1960 ndi a Memorex 630 a m'chaka cha 1968 adali mwa oyamba kuyenda motere. Achiŵiri adadza ndi IBM 3330, yolengezedwa m'chaka cha 1970. M'makinaŵa nkhope imodzi ya mbale idapatulidwa kukhala ya zizindikiro zolondolera, ndipo mutu umodzi unkaŵerenga zizindikirozo kosalekeza, nuuza mkono ngati wapatukira kumanja kapena kumanzere. Mkono sudadalirenso kukhomedwa pa malo oyezedwa kale. Udayamba kutsata mzere weniweniwo kulikonse kumene wapita. Mizere idafika 192 pa inchi, mulu umodzi wa mbale unkasunga mamegabaiti 100, ndipo mutu unkafika pa malo ake m'magawo pafupifupi 3 mwa magawo 100 a sekondi.

M'chaka cha 1973 IBM 3340, yodziŵika ndi dzina loti Winchester, idabweretsa timitu topepuka totha kutera pa mbale ikaima ndi kunyamuka ikayamba kuzungulira, ndipo timitu ndi mbale zidatsekeredwa pamodzi kuti fumbi lisaloŵe. Pakati pa zaka za m'ma 1970 mainjiniya a IBM a ku Hursley ku England adakonza mkono wozungulira pa chikhomo chimodzi, wofanana ndi mkono wa galamafoni. M'chaka cha 1980 kampani ya Seagate, imene mmodzi wa oiyambitsa adali Bambo Alan Shugart, wogwirapo ntchito ku San Jose, idatulutsa ST-506 ya mbale za mainchesi 5.25. Iyo inkasunga mamegabaiti 5, kuposa pang'ono RAMAC yoyamba, koma inkakwana m'kompyuta ya pa tebulo. Mutu wake unkayendetsedwa ndi mota yotsika mtengo yoyenda mwa masitepe oŵerengeka. Mizere itapitirira kupanikizana, njira yotsika mtengoyi idasiyidwa, ndipo mkono wozungulira wa waya wa sipika, wotsogozedwa ndi zizindikiro zolembedwa pakati pa zosungidwa zenizenizo, ndiwo udakhazikika. Ndiwo uli m'madisiki a mbale a masiku ano, mmene mizere imaŵerengedwa m'mazana a zikwi pa inchi, ndipo mutu umauluka pa mpata wa timagawo toŵerengeka mwa magawo miliyoni a milimita.

Kubwerera ku maphunziro

M'chaka cha 1965 Bambo Johnson adapatsidwa ulemu wa IBM Fellow, umene umalola katswiri kusankha yekha zoti afufuze. Chimene adasankha chikuonetsa kumene mtima wao udali zaka zonsezi: adabwerera ku zipangizo zothandiza kuphunzira. Adagwirapo ntchito ndi kampani ya Sony ya ku Japan pa tepi ya vidiyo yopapatiza, yoikidwa m'kabokosi, pofuna kuti ngakhale mwana athe kuigwiritsa ntchito. Atapuma pa ntchito ku IBM m'chaka cha 1971, adayambitsa kampani yao ya Education Engineering Associates. Kumeneko adapanga kagalamafoni kakang'ono kogwira m'manja, kamene mwana amakaika pa kambale komatidwa pa tsamba la buku, namva mau a tsambalo. Kampani ya zidole ya Fisher-Price idagwiritsa ntchito lusoli m'mabuku olankhula a ana, ndipo lidathandizanso okonda mbalame kuphunzira kulira kwa mbalame zosiyanasiyana.

Ziphaso za umwini wa luso zolembedwa m'dzina lao zidaposa 90. M'chaka cha 1986 Pulezidenti Ronald Reagan adawaveka mendulo ya National Medal of Technology, ndipo bungwe la mainjiniya la IEEE lidakhazikitsa mphotho yotchedwa dzina lao yopereka kwa ochita bwino pa luso la kusunga zinthu m'makompyuta. Adamwalira ndi matenda a khansa ya pakhungu pa 15 Seputembala 1998 ku Palo Alto m'chigawo cha California, ali ndi zaka 92. Patangopita zaka zoŵerengeka, kampani ya IBM idagulitsa ntchito yake yopanga madisiki ku kampani ya Hitachi.

Masiku ano mafoni ndi makompyuta ambiri a m'manja amasunga zinthu m'tizipangizo topanda mbale kapena mkono, ndipo chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni chingathe kudzaza RAMAC yonse. Komabe m'nyumba zikuluzikulu zosungira zinthu za pa intaneti, mbale za maginito zikali kuzungulira usana ndi usiku, ndipo pamwamba pa iliyonse pali kamutu koyandama pa mpata wosaoneka ndi maso, kofunafuna mzere umodzi pakati pa mizere yosaŵerengeka.

Bambo Johnson sadapange okha chitsulo chilichonse cha RAMAC. Mutu, mkono ndi utoto zidatuluka m'manja mwa anthu ambiri. Ntchito yao idali kusankha funso loyenera, kuimirira pa chosankha chao pamene ena ankaseka, ndi kusonkhanitsa achinyamata m'nyumba imodzi nawaphunzitsa kuthandizana. Zimenezi adaziphunzira asadaloŵe m'labotale iliyonse, m'chipinda chophunzitsiramo cha ku Ironwood, pakati pa choko, mapensulo ndi mulu wa mapepala osachonga.